Manja Otambasuka Ndiwo Amayamba Kuthyoka

9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, makamaka manjawo. Kodi zala zikumapindika m'mawa, kapena mpaka dzuwa liwombe kaye? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kosalephereretsa munthu kudya. Ndalemba kalata chifukwa foni ya mlongo wanga uja, Bwana Mawa, ili ndi makutu, ndipo mwini wakeyo ali ndi pakamwa.

Ntchito ya m'nyumba ija ndinasiya. Musafunse zambiri; dona uja ndi ine tinauzana zoona, basi. Tsopano ndili pamalo poti mukamva mugwada pomwepo: ndikugwira ntchito kokonza ziboliboli za m'tchalitchi. Inde, ine amene munkachita kundikoka khutu popita ku kolona. Ndi chishedi chachitali kuseri kwa malo ogulitsira matayala, ndipo m'katimo oyera mtima angoti ndandanda pa mashelefu, wina wopanda mphuno, wina mutu uli pambali pake. Timaumba ndi ufa woyera womwe uja amamangira chikhakha kuchipatala munthu akathyoka. Ine yanga ndi kupala ndi sandipepa, kumata ming'alu ndi kulumikiza zothyoka.

Eni ake ndi mdala wina, timawatcha a Fumbi chifukwa ndi oyera kuyambira nsidze mpaka nsapato. Salankhula chinthu kawiri. Palinso mayi wina wachikulire, Anamaso, amene sagwira china koma kupenta maso. Tsiku loyamba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, pakamwa pako pakuoneka pakuthwa. Uzipala ndi pomwepo, tisunge sandipepa." Ndinawakonda nthawi yomweyo.

Mukudziwa amene amabwera kwambiri? Amayi Maria othyoka manja. Yosefe woyera amabwera mwa apo ndi apo, popeza iye anafumbata ndodo yake. Koma Amayi Maria aja oima chotambasula manja, sipatha sabata osabwera mmodzi. A Fumbi akuti wokolopa akadutsa, wonyamula akakhota pakhomo, choyamba kugunda ndi dzanja.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ndapeza chipinda changachanga, cha zenera loyang'ana kum'mawa, mpopi uli pakhomo pomwepo. Ndagula bedi lachiwiri, lakale koma lolimba, matiresi ake atsopano. Ndi lanu. Mvula ikatha muzilongedza. Tchalitchi chili pafupi, mungamapite ngakhale katatu patsiku mpaka ansembe atope nanu. Zochapira anthu zovala musiye lero lomwe. Manja amenewo achapa zokwanira. Kangachepe ndatumizaka mugule mafuta opaka aja, osati makandulo. Ndikukudziwani.

Ndine mwana wanu.

22 Malichi

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka. Ine ndili moyo.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaitembenuza uku ndi uku kufunafuna pamene mwalemba nkhani imene Bwana Mawa wandiuza pa foni. Mwalemba za nkhuku, za denga, za maliro a kwa aneba. Kumapeto kwenikweni, m'mphepete mwa pepala, ndi pomwe mwati, "kunyumba kuno kuli alendo odwala." Alendo! Amuna anu, bambo wondibala ine, mwati alendo. Chabwino, nanenso ndiziwatcha choncho.

Ndamva kuti anabwera nawo ndi mkazi wawo wina uja pa galimoto ya hayala, mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, n'kuwatsitsa pakhonde ngati thumba la makala, galimoto osazimitsa n'komwe. Ndamvanso kuti inu munatuluka, munayang'ana, n'kubwerera kukatenga bulangete. Ndiponso kuti mwawapatsa bedi lanu, inu mukugona pansi.

Amayi, mwaiwala? Ine sindinaiwale. Ndinali Fomu 3. Ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza pakona pamene pankakhala makina anu osokera pali madontho anayi a dzimbiri pa simenti. Alendo anuwo anatenga makina n'kupita, anatisiyira dzimbiri. Inu munayamba kuzungulira m'makomo mwa anthu ndi beseni kuti ine ndilembe mayeso. Zala zanu zinapindikira m'madzi a sopo a anthu ena. Amene ananditcha Lumo ndi iwowo, akuseka, ine ndili pamwendo pawo. Ndiye asadabwe likawacheka.

Ndikudziwa muyankha kuti munalumbira pa guwa, pa mtendere ndi pa mavuto. Iwo sanalumbire? Kapena tsiku limenelo anali ndi chimfine, mawu sanatuluke?

Ali ndi abale awo. Ali ndi mkazi amene anadya naye za makina. Apite kumeneko. Bedi lanu kuno ndayala kale, nsalu ya maluwa abuluu, ndipo alandilodi akumandifunsa kuti mayi aja afika liti. Ndiwayankhe chiyani?

Zimene ndatumizazi ndi za manja anu. Ndikangomva kuti zagula mankhwala a alendo, ndisiya.

Mwana wanu.

4 Meyi

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Msana mwati ukuwawa, ndipo sindifunsa chifukwa chake popeza ndikuchidziwa. Ine ndili bwino kwambiri, ndanenepa, siketi yabuluu ija yayamba kundikana. Chifuwa chachepa, Anamaso anandisokera kansalu kotseka pamphuno, ndipo amandikalipira ndikakavula. Za mapepala anga okhalira m'dziko la eni lino musadandaule. Akabwera ofunsa ndimakaima kuseri kwa Mikaeli woyera, mapiko ake ndi aakulu.

Mwezi wa Amayi Maria uno tilibe mpata wokanda ndi pamutu pomwe. Parishi iliyonse yakumbukira mwadzidzidzi kuti Amayi awo alibe chala. Masana timakhala pabenchi panja, tiyi ali m'manja, ife oyera ngati mizukwa, anzathu a matayala akuda bii, tikumasekana. Woyendetsa lole yathu amandigawira buledi wake tsiku lililonse. Musayambe kufunsa mitengo ya diresi. Ndi buledi chabe.

Mwafunsa ngati ndikupemphera. Misa sindijomba. Kolona timachita kuntchito Lachisanu, Anamaso akutsogolera, bulashi ili kukhutu. Koma ndisakunamizeni: pa Atate Athu, tikafika paja pokhululukira adani, ine chifuwa chimandigwira. Chimatha chokha tikafika pa chinyengo.

Imvani zimene ndachita. Kunabwera Amayi Maria a kusukulu ya asisitere, a msinkhu wa mwana wa zaka khumi, manja onse awiri ali m'thumba la pulasitiki. Akuti aka n'kachitatu. Amaima pakhonde pamene ana amadutsa. A Fumbi anali pa ulendo, ndiye ndinaganiza ndekha. Ndinadula pang'ono m'zigongono n'kubweza manja aja m'mbali, zikhato zitagona pa chovala, zala zitamatirira. Ndinapala mpaka polumikiza osaoneka. Tsopano ngakhale mwana awombepo ndi chikwama, palibe chothyoka. Lole yawatenga dzulo. Ndikuona ngati ndawachitira chifundo chimene palibe anawachitirapo.

Inunso ndikanatha ndikanakuchitani chimodzimodzi.

Denga lija Bwana Mawa wakonza? Muuzeni kuti mawa lake lija ndi lero.

Ndine mwana wanu wokukondani.

1 Juni

Amayi anga,

Moni wa kuno. Ndili bwino, kungoti manyazi andidya sabata yonse, ndipo ndikuuzani kuti museke, popeza masiku ano mulibe chokuseketsani.

Amayi Maria aja abwerera. Anabwera nawo ndi asisitere aakulu a sukuluyo eni ake, kamayi kakafupi ka magalasi, atakhala kumbuyo kwa lole atawakumbatira. Anatsika n'kufunsa kuti, "Wakonza ndani?" A Fumbi anangondiloza ndi chibwano.

"Mwanawe, ntchito yako ndi yosalala," anatero asisitere. "Koma ana akukana kuwayandikira. Kamtsikana kena kandifunsa kuti, Asisitere, Amayi tawalakwira chiyani? Aima ngati msilikali."

Ine ndinati, "Asisitere, ndimafuna asathyokenso."

"Nanga ukuganiza ankathyoka ndi chiyani? Si mpira ayi. Ana amawagwira dzanja polowa m'kalasi, aliyense, makamaka tsiku la mayeso. Ena amachita kulendewera."

"Ndiye muwaletse."

"Ndiletse ndani, ana kapena Amayi?"

Anamaso anaseka mpaka kumupaka Petulo woyera diso pa tsaya. A Fumbi sanakalipe. Asisitere atapita anandipatsa macheka aang'ono n'kunena kuti, "Dula. Kuno sitipinda manja. Timaika waya m'kati." Anandionetsa: umaboola mkono, umalowetsa waya wokhuthala mpaka m'phewa, kenako umaumbirapo dzanja. Ndinafunsa ngati likatero silithyokanso. Akuti limathyoka ndithu, koma siligwa pansi. Limalendewera pa waya mpaka wokonza afike.

Ndawabwezera manja awo. Ndisaname, akuoneka bwino kuposa mmene ndinawachitira ine. Koma musati mwapambana, Amayi. Ana a sukulu sanagulitse makina a munthu.

Mwalemba kuti alendo aja mumawatembenuza nokha, kuwakhazika, kuwasambitsa, ndipo kuti akulemera ngati thumba la simenti. Bwana Mawa amakhala ali kuti? Mwalembanso kuti "za ulendo tidikire kaye." Ndadikira. Mvula inatha kalekale. Ndiyankheni mawu amodzi: mubwera kapena simubwera?

Mwana wanu.

14 Seputembala

Okondedwa Amayi,

Ndikudziwa, papita miyezi. Munandiyankha mawu amodzi monga ndinapempha, n'kuwonjezapo kuti bedi ndigulitse, ndiye nanenso ndinati pakamwa panga papume. Makalata anu awiri ndinalandira. Sindinadwale, sindinamangidwe, ndinangokwiya.

Dzana Bwana Mawa waimba kuti muli m'chikhakha. Akuti munkawadzutsa alendo aja kuti akhale pampando, iwo anagwira dzanja lanu ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kutsetsereka, nonse pansi. Pamene amandiuza n'kuti ndili ndi ufa womwewo m'manja. Ndinatuluka kukakhala kuseri kwa matayala, ndipo woyendetsa lole anachita nzeru osandifunsa kanthu.

Tsopano mverani, ndipo musanditsutse. Munthu wolemera sanyamulidwa ndi manja. Kuno tili ndi chiboliboli chachikulu chimene chinabwera mwezi watha, cha Amayi Maria atakhala pansi, Mwana wawo atamutsitsa pamtanda ali pamiyendo pawo. Amuna anayi amachita nacho thukuta. A Fumbi salola munthu kuchigwira mkono kapena mutu. Timapendeketsa pang'ono, timalowetsa pansi nsalu yolimba ngati ya tenti, yokhala ndi zogwirira m'makona, kenako timanyamula nsaluyo, mawondo opinda, msana woongoka. Ndipo popala ndaona chinthu: ngakhale Amayi Mariawo, wowaumba anawapatsa nsalu. Dzanja lawo lili kukhwapa kwa Mwana, koma pakati pali nsalu, ndipo kulemera konse kuli pa mawondo. Ngati iwo sananyamule ndi zala, inu ndinu ndani?

Ndasoka yotere pa makina a Anamaso, Loweruka lonse, singano zikuthyoka, eni makina akudandaula. Ili m'phukusili. Muwagoneke cham'mbali, muyale nsalu kumsana, muwabwezere, mukokere nsalu mbali inayo. Wina agwire zogwirira za kumutu, wina za kumiyendo, anyamulire limodzi. Imafuna anthu awiri, Amayi. Awiri. Inu ndi chikhakha chanucho muzingolamula. Itanani amayi anzanu a kolona. Tikuoneni Maria amatheka kunena munthu atanyamula katundu.

Musawauze alendo kuti yachokera kwa ine. Ndasokera dzanja lanu.

Bedi sindinagulitse. Ndimaikapo zovala.

Mwana wanu yemwe uja.

19 Okutobala

Amayi,

Ndakondwa kumva kuti chikhakha achotsa ndipo zala zikugwedezeka. Ine ndili bwino. A Fumbi ayamba kundisiyira makiyi, ndipo andilola kupenta milomo. Maso ayi, amenewo Anamaso adzafa nawo.

Ndinati musawauze. Inu mwati simunawauze, anazindikira okha poona msoko wokhota, n'kunena ndi pakamwa popotokapo kuti, "Lumo." Mwati anabwereza, ndipo akumagona atafumbata chogwirira chimodzi. Ndawerenga. Sindikudziwa chimene mukufuna ndichite nawo mawu amenewo. Msoko wanga ukanakhala woongoka akanasiya makina oti ndiphunzirirepo.

Chimene chandivuta ndi china. Mwati amayi a kolona amabwera Lachitatu ndi Loweruka, ndipo Bwana Mawa wapeza ganyu kutali. Nanga masiku enawo? Musandinamize. Ndikukuonani mukukulunga zogwirira zonse m'dzanja lomwe langochoka m'chikhakhalo, mukukoka nokha, milomo ikupemphera.

Ndinawauza Anamaso nkhani yonse tikumaliza chiboliboli chachikulu chija. Iwo anali pa maso a Amayi Maria, ine pa mabala a m'manja mwa Mwana. Ndinati, "Awa n'zomveka, ananyamula wosalakwa. Amayi anga akunyamula wolakwa."

Anamaso osatembenuka n'komwe: "Unayamba wamuikapo pa sikelo wolakwa? Kulemera n'kumodzi."

"Ndiye ndingokhululuka basi, ngati kuzimitsa nyali?"

"Wanena za kukhululuka ndani? Ine ndikunena za msana wa mayi ako. Tagwira chitini ichi, ukundiyankhulitsa ndilakwitsa diso."

Maso amene anapenta, Amayi, sakuyang'ana kumwamba ngati ena aja. Akuyang'ana katundu ali pamiyendoyo. Si olira, si okondwa. Ndi maso anu mukamachapa. Ndinawayang'ana mpaka a Fumbi anandifunsa ngati ndalembedwa ya ulonda.

Lachisanu pa kolona chifuwa chija chinandigwiranso, musaganize kuti chatha. Koma popereka zopempha ndinatchula "odwala a kwathu." Anamaso anayankha Amen mokweza ngati akuuza munthu wogontha.

Dzanjalo muzilifunditsa kukamazizira.

Mwana wanu.

9 Novembala

Okondedwa Amayi,

Moni, ndipo iyi ndi yaifupi chifukwa zotsalazo ndidzanena ndi pakamwa. Ndili bwino. A Fumbi andipatsa mwezi wathunthu. Anangoti, "Pita. Oyera mtima sathawa." Malo anga andisungira, chipinda chikhala chokhoma, ndiye musayambe kulira kuti ndataya ntchito chifukwa cha inu. Ndidzabwerera kuno, ntchito yangayi ndimaikonda. Tikadzaona mmene zilili tidzapeza munthu woti azibwera masiku amene amayi a kolona sabwera, ndipo kanyamulidwe ndidzamuphunzitsa ndekha.

Ndinyamuka Loweruka likubwerali. Woyendetsa lole andiperekeza kokwerera basi chifukwa ndili ndi katundu: matiresi a bedi lanu lija. Popeza inu simubwera kudzagonapo, abwera okha. Pansi mwagonapo mokwanira. Woyendetsayo wati ndikupatseni moni. Mulandire moniwo, mafunso ayi.

Ndakutengeraninso kachiboliboli kakang'ono ka Amayi Maria kamene eni ake sanabwere kudzatenga. Manja ndaumba ndekha, otambasuka, waya ali m'kati. Maso apenta Anamaso, ulere, akuti ndi mphatso ya mnzawo amene sanamuonepo.

Tsopano tigwirizane, kuti pasadzakhale kudabwa. Sindinakhululuke. Mwina zidzabwera, mwina Amayi Maria adzachita kundikoka khutu ngati inu kale, koma lero ayi. Musadzandikankhire kuchipinda kuti tikalankhulane, musadzaitane ansembe, musadzayambitse nyimbo. Akafuna kunena kanthu adzanena, ine ndidzamva, ndipo chimene ndidzayankhe sindikulonjeza.

Koma m'mawa uliwonse tidzawadzutsa awiri. Muwauze kuti ponyamula asadzandigwire dzanja, agwire nsalu. Inu mudzagwira kumiyendo, kopepuka. Kumutu n'kolemera, ndipo wogwira kumutu ndiye amayang'anizana nkhope ndi wodwala. Ndaganizira zimenezo sabata yonse. Kumutu ndidzagwira ine.

Ndine wanu,
Lumo